Tomato wa m'zigubu akuchedwa kupsa, nditani?

Mayi wa ku Chilomoni:
Abale, ndigawireniko nzeru. Ndimakhala nyumba ya lendi, pabwalo ponse ndi simenti, ndiye ndinadzala tomato wa mtundu wa Money Maker m'zigubu za mafuta ophikira za malita 5. Ndinaokera kumapeto kwa Meyi. Mitengo yafika m'chiuno, masamba ali biriwiri, koma zipatso zangoti gwa, osayezuka n'komwe. Ndimathira yuriya pang'ono sabata iliyonse. Ndikulakwitsa pati?

Mlimi wa ku Bembeke:
Mayi, yuriyayo muyambe mwasiya. Mukudyetsa masamba. Tomato akayamba maluwa safunanso nayitrojeni wambiri ngati wa mu yuriyamo, amafuna potashi, yemwe amapezeka m'phulusa. Kaphulusa ka nkhuni kodzaza dzanja, kuwaza pamwamba pa dothi n'kuthirira, kakwanira. Musachulutse.

Komanso chigubu cha malita 5 n'chaching'ono. Dothi limauma msanga, mizu imapanikizika, mapeto ake zipatso zimada kunsi n'kuola. Ulendo wina pezani ndowa ya malita 20 kapena thumba la simenti, muboole kunsi, mtengo umodzi basi. Money Maker amangokulabe, amabereka pang'onopang'ono. Ofuna zachangu amadzala Tanya kapena Rodade, omwe amafika pena n'kuima, zipatso n'kupsera pamodzi.

Bambo wa ku Area 25:
Achemwali, musaiwale kuti Juni ndi Julaye ku Blantyre kumakhala chiperoni. Kukazizira tomato sathamanga, olo mumuchite bwanji. Ubwino wanu zigubu zimanyamulika. Ziikeni pakhoma loyang'ana kumpoto, poti nyengo ino dzuwa limadzera kumeneko, ndipo khoma limasunga kutentha mpaka usiku. Azipeza dzuwa maola 6 kapena kuposa. Anga ali kuseri kwa bafa, malo osaoneka bwino koma ndi pomwe pamawomba dzuwa.

Muzithothola timphukira totuluka pakati pa tsinde ndi tsamba tikadali tating'ono. Mukaona magulu anayi a zipatso, thenani nsonga ngati fodya.

Mayi wa ku Chilomoni:
Zikomo nonse. Nanga zoti azipsera pamtengo kuti akome ndi zoona?

Mlimi wa ku Bembeke:
Osadikira zimenezo, mbalame zikuthandizani kudya. Akangoyamba kuyezuka kunsi, tcholani, muike m'katoni pamodzi ndi nthochi yakupsa, m'nyumba, osati mufiriji. Nthochi imatulutsa mpweya wofulumizitsa kupsa. Muziyang'anamo tsiku lililonse, wina akafewa muchotse asaoletse anzake.