Amakaniko a ndege ku America: kontrakiti inatha kalekale, nanga sitalaka ili kuti?

Wophunzira_AP

Akuluakulu, ndithandizeni kumvetsa. Munthu akamaliza sukulu ya umakaniko wa ndege (Part 147) n'kukhoza mayeso a laisensi ya A&P (A ndi thupi la ndege, P ndi injini) amauzidwa kuti amakaniko a ndege akusowa, ntchito ili mbwee. Koma amene ali kale m'makampani akuluakulu a ku America nkhani yawo ndi madandaulo okhaokha: kontrakiti inatha kalekale, malipiro ali pomwepo, ntchito ndi ya usiku. Ngati kontrakiti inatha, chikuwaletsa n'chiyani kuchita sitalaka? Ndipo posankha pakati pa kampani yaikulu, kampani yaing'ono ya maulendo afupiafupi ndi repair station (kampani yongokonza ndege), munthu ayang'ane chiyani kupatula ndalama ya pa ola?

Sipanala

Achimwene, kontrakiti ya m'makampani a ndege ku America siitha. Ogwira ntchito kumeneko ali pansi pa Railway Labor Act, lamulo la mu 1926 lomwe linali la sitima zapamtunda, ndipo ndege anazilowetsamo mu 1936. Tsiku limene anthu amati kontrakiti yatha ndi amendable date, kutanthauza kuti kuyambira pamenepo ikhoza kusinthidwa. Likadutsa tsikulo zonse zimakhala momwe zinalili, malipiro omwewo, malamulo omwewo, mpaka yatsopano itasayinidwa.

Njira yofikira pa sitalaka ndi yaitali dala. Mbali imodzi imapereka chidziwitso cha Section 6 choti ikufuna kusintha kontrakiti, zokambirana n'kuyamba. Zikavuta amapita ku National Mediation Board, NMB, yomwe imatumiza mkhalapakati. Pogona nkhani ndi apa: lamulo silinaike malire a nthawi. NMB ikhoza kukusungani pa tebulo zaka, ndipo ndi yokhayo imene inganene kuti zakanikadi. Ikatero imapempha mbali zonse kuti nkhaniyo ipite kwa woweruza. Mbali imodzi ikakana, pamayamba masiku 30 oti mitima izizire. Pulezidenti wa dziko akhoza kukhazikitsa komiti yofufuza mkanganowo, Presidential Emergency Board, yomwe imakhala ndi masiku 30 olembera lipoti, n'kubwera masiku ena 30 odikira. Congress, nyumba ya malamulo, nayo ikhoza kulowererapo n'kuika kontrakiti mwa lamulo. Ndiye mukamva kuti mamembala avotera sitalaka, musaganize kuti mawa ndege ziima.

Kuchedwaku kumakomera kampani, chifukwa chaka chilichonse chodutsa imalipira malipiro akale pomwe zinthu zikukwera mtengo. Amakaniko a Southwest ndi yuniyoni yawo ya AMFA anakambirana kuyambira 2012 mpaka 2019. Sitalakayo ikaloledwanso si kuti mwapambana. Mu Ogasiti 2005 mamembala a AMFA oposa 4,000 ku Northwest Airlines ananyanyala ntchito, koma kampani inali itakonzeratu anthu olowa m'malo mwawo. Ndege zinapitiriza kuuluka, ndipo ambiri sanabwererenso pa ntchito zawo.

Shifiti_ya_Usiku

A Sipanala afotokoza za lamulo, ine ndiyankhe funso lachiwiri. Chinthu chimene mumagula polowa kampani ya yuniyoni ndi deti lolowera ntchito. Seniority, kutalika kwa nthawi imene mwakhala pa kampani, ndiyo imasankha chilichonse: shifiti, masiku opuma, mwezi wa tchuthi, bwalo la ndege logwirira ntchito, komanso amene ayambe kuchotsedwa ntchito ikachepa. Ndege zimauluka masana n'kukonzedwa usiku, choncho watsopano amayamba usiku, n'kumapuma Lachiwiri ndi Lachitatu anzake onse ali kuntchito. Kufika pa shifiti ya masana yopuma Loweruka ndi Lamlungu kumatenga zaka zambiri, makamaka pa siteshoni imene anthu sachokapo. Ndipo detilo silisamuka. Makaniko wa zaka 15 akapita ku kampani ina amakayambira pansi pa mndandanda, nthawi zambiri pa sitepe yoyamba ya malipiro. N'chifukwa chake anthu amadandaula koma osachoka. Makampani akaphatikizana ndiye pali lamulo la McCaskill-Bond la mu 2007, loti mindandanda iwiri iphatikizidwe mwachilungamo, koma chilungamocho amakanganirana zaka.

Pa malipiro musayang'ane nambala imene ili pa chilengezo cha ntchito, chifukwa kawirikawiri amaonetsa ya pamwamba. Funsani kuti kufika pamwambapo kumatenga zaka zingati, ndipo masitepewo anagawidwa bwanji. Makontrakiti ena amakweza pang'onopang'ono n'kusunga ndalama yaikulu ku sitepe yomaliza. Funsaninso ngati nambalayo yaphatikiza kale zowonjezera: ya laisensi, yomwe ena amalipira pa A payokha ndi pa P payokha, ya line (kukonza ndege pa bwalo pakati pa maulendo), ya shifiti ya usiku, ndi ya zaka za pa ntchito. Chofunika kwambiri n'chakuti zowonjezerazo zimawerengedwa powerengera ovataimu ndi ndalama ya 401k (thumba la ndalama zopumira pa ntchito) kapena ayi.

Ovataimu nayonso ili m'manja mwa kontrakiti. Lamulo la dziko lonse la Fair Labor Standards Act silikakamiza makampani a ndege kulipira ovataimu, ndiye kuti ola ndi theka kapena maola awiri pa ola limodzi zimachokera pa zimene yuniyoni inakambirana. Werengani za ovataimu yokakamiza, chifukwa FAA, bungwe la boma loyang'anira za ndege, sikutetezani kwenikweni: lamulo lake la Part 121.377 limangoti makaniko apume maola 24 otsatizana pa masiku 7 alionse, kapena nthawi yofanana nayo mkati mwa mwezi umodzi. Malire a maola a pa shifiti imodzi mulibe.

Maganizo anga: kampani yaikulu ikakuitanani, lowani tsiku lomwelo ngakhale poyambira patakhala potsika. Mwezi umodzi wochedwa ukhoza kuika anthu ambirimbiri patsogolo panu moyo wanu wonse wa ntchito.

Mayi_wa_Avionics

Pa mfundo yomalizayo sindikugwirizana nanu kotheratu, bambo. Makaniko wolowa molunjika pa line amatha zaka akusintha matayala ndi mabuleki, kuthira oyilo ndi kulemba MEL (mndandanda wa zinthu zimene ndege ikhoza kuuluka zisanakonzedwe), osaonako ndege itavulidwa mkati monse. Ku repair station ya Part 145 malipiro amakhala otsika ndipo ntchito imadalira kuti mu hangar muli ndege kapena ayi, koma C check imodzi, kuyendera kwakukulu kwa ndege yonse, imakuphunzitsani dzimbiri, sheet metal ndi rigging. Ngati kampani yaikulu siinaitane, kumeneko n'kwabwino kuposa kukhala. Laisensi nayo imafuna kuti pa miyezi 24 yapitayo mukhale mutagwira ntchito miyezi 6.

Chimene ndikufuna kuchenjeza ndi china. Zokambirana zikachedwa, anthu amayamba kunong'onezana kuti tiyeni tizilemba vuto lililonse ndege zizichedwa. Limenelo ndi dzenje. Mu 2019 American Airlines inasumira mayuniyoni a TWU ndi IAM kuti amakaniko akuchedwetsa ntchito dala, ndipo khoti la ku Texas linalamula kuti zileke. Mu 1999 yuniyoni ya oyendetsa ndege a kampani yomweyo inalamulidwa kulipira madola pafupifupi 45 miliyoni chifukwa chonamizira kudwala onse pamodzi. Kampani imangobweretsa manambala oonetsa kuti mavuto olembedwa achuluka mwadzidzidzi.

Mbali inayo, siginecha ndi yanu, ndipo FAA imalanda laisensi ya munthu amene wasayina, osati ya bwana amene amafulumizitsa. Chokutetezani ndi buku. Pini yoonetsa kutha kwa buleki muiyeze buleki itagwira monga maintenance manual ikunenera. Ikafanana ndi bulaketi yake, buleki yatha basi. Hydraulic ikamadontha, werengani madontho pa mphindi n'kuyerekeza ndi malire a m'buku, n'kulemba nambala ya task imene mwatsata. Mukaika vuto pa MEL dziwani gulu lake, lomwe limanena masiku oti likhale litakonzedwa: B ndi masiku 3, C ndi masiku 10, D ndi masiku 120. Ntchito ya RII, yomwe imayenera kuyenderedwa ikatha, musadziyendere nokha ngati mwaigwira ndinu, lamulo limafuna munthu wina. Mukamachita chimodzimodzi zokambirana zilipo kapena kulibe, palibe angakunamizireni. Wina akakulangani chifukwa chonena za chitetezo, lamulo la AIR21 limakupatsani masiku 90 okha okadandaula ku OSHA, bungwe la boma loona za chitetezo cha pa ntchito.

Wophunzira_AP

Zikomo nonse. Nanga kontrakiti yatsopano ikabwera, ndalama za zaka zodikirazo amabweza?

Sipanala

Palibe lamulo lowakakamiza, zimakambidwa ngati china chilichonse. Kampani imakonda kupereka bonasi ya kamodzi m'malo mwa retro yonse, ndalama ya zaka zodikirazo, ndiye muziwerengera nokha. Tiyerekeze kuti amayenera kukweza madola 3 pa ola, zokambirana n'kuchedwa zaka 3. Chaka cha ntchito ndi maola 2,080, ndiye mwataya madola 18,720 musanawerengere ovataimu. Bonasi ya madola 10,000 imaoneka yaikulu pa tsiku lovota, koma yachepa, komanso siikweza malipiro a pa ola a zaka zikubwerazo. Onaninso ngati amene anapuma pa ntchito mkati mwa zaka zodikirazo alandira nawo.

Musanavote werengani gawo la scope, lomwe limanena ntchito imene kampani ikhoza kupereka kunja. Ma check akuluakulu ambiri amapita ku makampani ngati Aeroman ku El Salvador kapena HAECO ku Hong Kong, ndipo kukwezedwa malipiro kulibe phindu ngati hangar yanu itsekedwa. Funsani kuti chitetezo cha ntchito chikukhudza aliyense kapena okhawo amene analembedwa lisanafike deti linalake, komanso ngati chikuteteza siteshoni yanu kapena chikungokulonjezani ntchito kwinakwake komwe muyenera kusamukira. Kampani ikalephera kubweza ngongole n'kulowa mu Chapter 11, khoti likhoza kuilola kusiya kontrakiti kudzera mu Section 1113. Penshoni za ku United zinathetsedwa mu 2005 n'kupita m'manja mwa bungwe la boma la PBGC. Choncho funsaninso ngati ndalama ya 401k kampani imaika yokha, kapena imadikira kuti inu muyambe mwaikamo.