Ndingadziwe bwanji kuti tsamba la zaumoyo ndi lomveka kwa wodwala?

Namwino_wa_usiku: Akuluakulu, ndithandizeni maganizo. Bambo anga ali ndi matenda a shuga, ndiye ndinawatumizira tsamba la pa intaneti lofotokoza za insulin, mankhwala obaya otsitsa shuga m'magazi. Atawerenga kawiri konse anandifunsa ngati "hypoglycemia" ndi dzina la mankhwala, pomwe ndi kutsika kwambiri kwa shuga m'magazi. Ine tsambalo ndinkaliona lomveka, mwina poti ndi ntchito yanga. Kodi pali njira yoyezera zolembazi ndisanapatse odwala?

Wokonda_manambala: Zilipo, mayi. Flesch Reading Ease, ya Rudolf Flesch mu 1948, imayeza kutalika kwa ziganizo ndi kuchuluka kwa maphatikizo m'mawu. Njira ina, SMOG ya 1969, imatenga ziganizo 30 n'kuwerenga mawu a maphatikizo atatu kapena kuposa. Bungwe la American Medical Association limalangiza kuti zolembera odwala zikhale zoti mwana wa giredi 6 amve.

Mphunzitsi_wopuma: Samalani nazo, achimwene. Zinapangidwira Chingerezi. "Ndikadzakuuzani" ali ndi maphatikizo asanu ndi awiri, koma ndani angalephere kumva? Pomwe "dose" ndi kamawu kakafupi, ambiri kamawasokoneza.

Namwino_wa_usiku: Ndiye nditani, aphunzitsi?

Mphunzitsi_wopuma: Bambo anuwo ndiwo muyeso. Musawafunse kuti "mwamva?", adzangovomera mwaulemu. Afunseni kuti akayamba kunjenjemera ndi kutuluka thukuta atabaya jakisoni achita chiyani. Akapanda kunena zomwa kapena kudya chotsekemera msanga, tsambalo lilembedwenso.