Kodi kulipira potengera madzi opulumutsidwa kungachepetse madzi otayika mu Lilongwe?

Mphunzitsi wa ku Kawale:
Abale anga, madzi amene timamwa mumzinda muno amachokera ku madamu awiri a Kamuzu ku Malingunde, amathiridwa mankhwala, kenako amapopedwa ndi magetsi, koma ambiri amathera m'njira osalowa pa bilu ya munthu aliyense. Ndamva kuti mabungwe ena ogawa madzi amalipira makontilakitala ochepetsa kutayika kwa madzi potengera kuchuluka kwa madzi amene apulumutsa. Kodi zimenezi zingathandize kuno kwathu?

Pulambala wopuma, Area 25:
Aphunzitsi, zingathandize, koma pokhapokha kuyeza kutakhala patsogolo. Mzinda umagawidwa m'zigawo zing'onozing'ono, chilichonse chokhala ndi mita yaikulu pa paipi yolowetsa madzi, ndipo mitayo imawerengedwa pakati pa 2 ndi 4 koloko usiku, anthu ali m'tulo. Ngati nthawi imeneyo madzi akulowabe ambiri, ndiye kuti pansi penapake pakudontha, ngakhale pamwamba pali pouma. Paipi yophulika pamsewu aliyense amaiona ndipo amafulumira kuimba foni, koma yotha madzi ndi ija yodontha mwakachetechete miyezi ndi miyezi. Kuchepetsa mphamvu ya madzi usiku kumatetezanso mapaipi akale kuti asaphulike. Chiwerengero cha madzi amene akutayika ntchito isanayambe chikapanda kuvomerezedwa ndi mbali zonse ziwiri, bungwe ndi kontilakitala adzangokangana pa tsiku la malipiro.

Wowerengera ndalama, Chilinde:
Bambo anena zoona, koma si madzi onse amene amalowa m'dothi. Ena amamwedwa ndithu, kungoti mita inakalamba ndipo ikuwerenga mochepa, kapena munthu analumikiza paipi mwachinyengo. Kuona kwanga, kulipira munthu potengera mapaipi amene wakonza n'kulakwa, chifukwa mapaipi akamaphulika pafupipafupi iye ndiye amapindula. Alipidwe pa madzi amene asiya kutayika, ndipo wotsimikiza chiwerengerocho akhale woima payekha, osati wa bungwe kapena wa kontilakitala.

Wogulitsa madzi pa kiyosiki, Mtandire:
Achimwene, ine nkhawa yanga ili pena. Mukatseka madzi m'dera lonse kwa tsiku lathunthu, pa pepala zidzaoneka ngati otayika achepa, pomwe amayi abwerera ndi zigubu zopanda kanthu. Mgwirizano wotere ulembenso maola amene madzi ayenera kutuluka m'mipopi ya dera lililonse, ndiponso masiku amene paipi yodontha iyenera kukhala itakonzedwa anthu akadziwitsa ofesi, ndipo wolephera pa ziwirizi asalandire bonasi.