Kodi amanyamula mungu ndani pamwamba pa mapiri ozizira?

Mlimi wa njuchi, Namwera:
Ndimaona kuti m'mwezi wa June kukazizira, njuchi zanga zimachedwa kutuluka mumng'oma mpaka dzuwa litakwera ndithu. Ngati zili choncho kwathu kuno, nanga pa Sapitwa, pamtunda wa mamita 3,002, kapena ku Nyika kumene kumagwa chisanu, maluwa amabereka bwanji? Odziwa mundithandize.

Mphunzitsi wa sayansi, Mangochi Boma:
Bambo, mwafunsa bwino. Pamapiri aatali a m'madera otentha vuto si nyengo ya pachaka ayi, koma kusiyana kwa usana ndi usiku, pakuti masana dzuwa limaswa mtengo pomwe usiku madzi amatha kuundana, ndipo nkhungu ikakuta phiri tizilombo touluka timangokhala phee. Mbalame zili ndi thupi lofunda, choncho zimagwira ntchito ngakhale m'mamawa kukuzizira. N'chifukwa chake maluwa ena a kumeneko ndi ofiira kapena achikasu, obooka ngati bango, oti choso alowetsemo mlomo wake wautali. Akamamwa timadzi totsekemera, mungu umamumatirira pamutu n'kukautula pa duwa lina. Pa phiri la Kenya, lotalika mamita 5,199, pali chomera chotchedwa Lobelia telekii chimene chimakula zaka zambiri, n'kutulutsa phesi limodzi lalitali la maluwa obisika m'timasamba taubweya, kenako chikabereka chimafa. Mtundu wa choso umene umachiyendera umapezekanso ku Nyika.

Mayi wa ku Monkey Bay:
Aphunzitsi, musaiwale mphepo. Mkungudza wa ku Mulanje sudikira njuchi kapena mbalame, mungu wake umangouluzika. Koma mitengo ikatha n'kutsala umodzi uku wina kutali, mphepoyo ingaufikitse kuti?

Wogwira ntchito za nkhalango, Malindi:
Mayi anena zoona, ndipo chimene chimandiwawa ine ndi cha ku Nyika. Kuli mitundu yoposa 200 ya maluwa a orchid, yambiri imaphuka nthawi ya dzinja, ndipo ina imadalira agulugufe a usiku kapena tizilombo tochepa chabe. Anthu akakumba chinaka, chomwe ndi mizu yodyedwa ya orchid, maluwa asanakhwimitse njere, ntchito yonse imene tizilomboto tagwira imapita pachabe. Bambo a ku Namwera, njuchi zimafika ndithu m'mapiri otere dzuwa likawala, kungoti maola ake ogwira ntchito ndi ochepa kusiyana ndi kuno kunyanja, n'chifukwa chake duwa la kuphiri kawirikawiri limakhala masiku ambiri lisanafote, kudikira kuti kunja kuyere.