Ma quarterback achinyamata mu NFL akupambana msanga chifukwa chiyani?

Funso: Akuluakulu, kale mu NFL (ligi ya American football), quarterback watsopano, wosewera amene amaponya mpira ndi kutsogolera timu, ankayamba wakhala pabenchi. Koma C.J. Stroud mu 2023 ndi Jayden Daniels mu 2024 anangofika n'kuwala. Chasintha n'chiyani?

Yankho 1: Ndalama, achimwene. Mu 2010 Sam Bradford anasainira madola 78 miliyoni asanaponye mpira ngakhale umodzi. Mgwirizano wa 2011 pakati pa NFL ndi osewera unaika malire pa malipiro a ongolowa kumene, moti Cam Newton analandira 22 miliyoni pa zaka zinayi. Zotsalazo timu imagulira omutchinga ndi owakha mpira amphamvu. Timu ya Seattle inatenga Super Bowl (fainolo ya NFL) chonchi, quarterback wawo Russell Wilson ali m'chaka chachiwiri.

Yankho 2: Makochi nawonso anatengera kaseweredwe ka ku koleji. Mu RPO (kusankha pakati pa kuponya mpira ndi kuupatsira wothamanga) mnyamatayo amangoyang'ana wotchinga mmodzi wa timu inayo: akathamangira kutsogolo, amaponya kumbuyo kwake, akaima, amapatsira wothamanga. Komanso kochi amamulankhula pa wailesi ya m'chipewa mpaka patatsala masekondi 15 pa nthawi yomwe amapatsidwa kuti ayambitse mpira.

Yankho 3: Zoona, koma popanda omutchinga zonsezi n'zachabe. David Carr anagwetsedwa maulendo 76 mu 2002 ku Houston. Wogwetsedwa chotero amayamba kuyang'ana omuthamangira m'malo mwa owakha, ndipo amaponya nthawi isanakwane.