Za muvi wa sipidomita

Wina anafunsa chifukwa chake muvi wa sipidomita ukuloza 20 galimoto itaima, atangosintha stepper motor (kamota koyendetsa muviwo). Yankho ndi ili: motayo ilibe vuto. Muvi anaubwezera mota isanabwerere pa ziro.

Uzuleni ndi masipuni awiri, mutayala kansalu kuti musakande manambala. Lumikizani cluster (bokosi la mamita a pa dashibodi) yopanda galasi, tembenuzani kiyi koma osaliza injini, dikirani mota ikhazikike, kenako ikani muviwo pa 0 mopepuka. Yendetsani pang'ono muyerekeze ndi GPS ya pafoni. Sipidomita ikapitirira GPS ndi 3 kapena 5 km/h si nkhani. Zikagwirizana ukanikizeni, koma musiye kampata ka milimita imodzi. Mukaufikitsa pansi umakhula n'kumakakamira panjira.

Muvi wa geji ya mafuta, yambani mwadzaza thanki musanauike pa F.