Kodi DB (bokosi logawa magetsi m'nyumba) yatsopano ndi yoyenera kugula pa nyumba yakale?

Wa ku Area 18: Akuluakulu, nyumba ndi yakale, ya mafyuzi. Soketi ya kukhitchini yada ndipo ikununkha pulasitiki wopserera. Tigule DB yatsopano yokhala ndi earth leakage (swichi yozimitsa yokha magetsi akamathawira kunja kwa waya), kapena ndi kutaya ndalama?

Mmisiri wa ku Kawale: Zimitsani kaye layini ya soketiyo lero lomwe. DB gulani achimwene, koma earth leakage yake ikhale ya 30mA. Magetsi athu ndi a 230V. Mwana akagwira waya wosupuka, fyuzi siiduka chifukwa mphamvu yodutsa m'thupi ndi yochepa, koma yokwanira kupha. Earth leakage ndi imene imazimitsa pompopompo.

Wa ku Biwi: Apa ndikutsutsako. Soketi ikada chonchi, nthawi zambiri waya wakhwefuka pa sikuluwu, ndiye pamatentha. Kutentha kumeneko earth leakage siikumva, nyumba ikhoza kupsa iyo ili chiyakire. Komanso mukaiika pa mawaya otha imangogwa, makamaka dzinja denga likamadontha. Anthu amatopa nayo n'kuilambalala, ndalama yapita. Yezetsani mawaya kaye.

Mmisiri wa ku Kawale: Zoona zimenezo. Mmisiri wa chiphaso cha MERA, bungwe loyang'anira za magetsi, ayeze layini iliyonse ndi megger (chida choyezera ngati chikuto cha waya chikadali bwino) pa 500V. Yosafika 1 megaohm ndi yosintha. Akwerenso mu siling'i, muja makoswe amatafuna mawaya ndipo zolumikiza za tepi zimamatuka ndi kutentha kwa malata. Aonenso earth rod, chitsulo chokhomedwa m'nthaka chija. Waya wake ukadyeka ndi dzimbiri, zitsulo za kuka ndi giza zimayamba kugwira anthu.

Amayi a ku Chilinde: Posintha musanyengerere saizi ya waya. Magetsi ounikira 1.5mm, masoketi 2.5mm, kuka 6mm pa breaker ya 32A. Breaker imateteza waya, ndiye yaikulu pa waya waung'ono ndi moto. Pogula waya palani nsonga ndi mpeni. Mukaona mkati moyera, ndi aluminiyamu wokutidwa ndi kopa, musiyeni ngakhale atsitse mtengo.

Wa ku Area 18: Nanga ndalama zikapanda kukwana zonse?

Wa ku Biwi: Kuyeza, kenako layini ya kukhitchini ndi soketi zopserera, DB pambuyo pake.

Mmisiri wa ku Kawale: Ine DB sindingaichedwetse ngati m'nyumbamo muli ana. Iikidwe tsiku lomwelo losintha layini ya kukhitchini, malayini olephera pa megger akhale ozimitsa mpaka ndalama ipezeke. Ndipo pa mita ya ESCOM musagwirepo, si panu.